Chitenje pa Kaliyala

Moni nonse okondedwa amene mwakhala pansi kuti muwerenge, kaya muli pakhonde kaya pabenchi podikira basi. Tiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene watidzutsa ndi moyo, natipatsa maso oonera ndi mitima yotha kukonda. Iye amasamala ngakhale maulendo aafupi amene ife sitiwawerengera, ndipo nkhani ya lero ndi ya ulendo wotere.

Kwa inu amene simukumudziwa, Enid anali mtsikana wa ku Malindi, wokulira pafupi ndi belu la tchalitchi cha mishoni. M'chaka cha 1983 anapeza ntchito yotaipa makalata pa ofesi ina pa boma la Mangochi, ndipo ankakhala kwa mayi ake aang'ono, a Elizabeti, kutsidya la kum'mawa kwa Shire. Kuchoka pakhomopo kukafika kuntchito sunali mtunda woti munthu n'kudandaula nawo. Ukaima pachulu cha kuseri kwa nyumba unkaona nsonga ya chipilala cha wotchi. Chovuta chinali mtsinje, ndi ola limene tauni yonse inkafuna kuwoloka pamodzi.

Pamlatho pankadutsa galimoto imodzi basi, zinazo n'kumadikira. Ikamakwana hafu sikisi pankadzaza malole a ku Namwera, matola a ku Malindi, anjinga osenza makala, amayi a madengu a nsomba ndi ana a sukulu. Polowera pake pankaima anyamata a malaya ofiira ofunsa khadi la chipani, ndipo mayi mmodzi akayamba kumasula mfundo ya pachitenje kufunafuna lake, mzere unkafika kumitengo ya mango. Mwezi woyamba Enid anachedwa kawiri. Abwana ake anamuuza mwaulemu kuti kachitatu adzafuna munthu wokhala kufupi.

Ndi mmene anapezera kanjira ka m'bango kotsikira padooko. Pamenepo pankaima Wadi, mnyamata wa Chisilamu amene ankatsika ndi bwato la chambo akatha swala, pemphero lawo la m'mawa, n'kutenga anthu awiri kapena atatu kuwawolotsa. Sabata yachiwiri yowoloka naye, Enid anapeza m'bwatomo kathabwa kopalidwa bwino, koikidwa kutali ndi nsomba, ndipo palibe wina amene ankaloledwa kukhalapo. Iye ankayalapo chitenje chake chobiriwira cha mbalame zachikasu, chimene mayi ake anamupatsa tsiku limene anasanjikidwa manja. Pangodya pake panali chipsera cha simbi ya makala. Wadi ankamutcha "a Mishoni", iye n'kumayankha "Che Wadi". Za chikondi sanatchulepo. Koma tsiku lina ali pakati pa mtsinje, Wadi anafunsa dzina la amalume ake, ndipo kwathu kuno mnyamata safunsa zimenezo pongocheza.

* * *

Lolemba lina bwato silinaime. Enid analiona likutsika, anakweza dzanja, koma Wadi anapalasa cha pakati, maso ali patsogolo ngati kudooko kulibe munthu. Mtsikanayo anathamangira kumlatho ndipo anafika pa ofesi thukuta lili kamukamu, abwana asanatsegule chitseko chawo. Lachiwiri zinali zomwezo. Lachitatu bwato linaima, linatenga bambo wina wa nkhuku, n'kuchoka Enid asanatuluke m'bango.

Chimene chinamugwira mtima sunali mkwiyo koma chidwi. Munthu amene anapala thabwa ndi manja ake angasinthe bwanji pa masiku awiri okha a Loweruka ndi Lamulungu? Anabwereza m'mutu mawu onse amene analankhula Lachisanu, osapezamo choipa. Anaganiza za makolo a Wadi, koma akanakhala iwo, mnyamatayo akanamuuza, pakuti sanali wobisa. China chinamuzunguzanso. Chitenje chake chobiriwira chinasowa pachingwe Lamulungu lomwelo iye ali kukwaya. A Elizabeti anati mwina ndi mphepo, mwina ndi mbuzi za aneba, zimene chaka chatha zinadya malaya a malemu amuna awo.

Kuyambira Lachinayi ankadzuka tambala wachiwiri n'kuwoloka mlatho pamodzi ndi amayi a nsomba, n'kukakhala pakhonde la ofesi ola lathunthu kudikira makiyi.

* * *

A Elizabeti anali mayi wabwino, wopemphera, amene sanaphonyepo tsiku lawo losesa m'tchalitchi. Koma ankakhulupirira kuti Mulungu akachedwa kuyankha, munthu angathe kumuthandizako. Lachisanu madzulo akusenda nandolo, anayamba kumuwerengera Enid njira zake. Wapansi, anati, nsapato zitha ndipo ntchito ithanso. Bwato ndiye asalitchule, kuli mvuu, kuli fungo la nsomba m'malaya, ndipo kuli anthu amene ana awo sadzabatizidwa. Yatsala njira imodzi, ndipo njirayo ili ndi matayala awiri ndi belu.

Anatulutsa kalata pansi pa lichero. Inali ya Jenkins, kalaliki wa pa boma, mwana wa malemu mphunzitsi wa tchalitchi, amene ankawerenga mawu Lamulungu ndi liwu loti ndi kunja komwe ankamva. Anali atagula njinga yatsopano yakuda. M'kalatamo ankati kuyambira Lolemba azidzawoloka m'mamawa kudzamutenga, ndipo anyamata a pamlatho amamudziwa, samuimitsa pamzere.

Achinyamata a lero mwina simungamvetse. Masiku amenewo kunalibe njinga zonyamula munthu aliyense. Pa kaliyala ya mwamuna pankakhala mayi ake, mlongo wake, mkazi wake, kapena amene ankhoswe akumukambirana. Mtsikana akakhalapo chammbali, miyendo mbali imodzi, n'kuwoloka mlatho pa ola lija tauni yonse ikuona, zinali ngati walengezedwa m'tchalitchi katatu.

Enid anayankha mofatsa kuti miyendo yake ikadali yolimba. Mayi ake aang'onowo anaika nandolo pansi.

"Iwe, ine ndinakulandira m'manja mwa achimwene a Marko. Ndikadzangomvanso kuti wakwera bwato lija, nditumiza mawu ku Malindi, abwere adzakutenge. Ukataipe makalata m'munda wa chinangwa."

A Marko anali amalume ake a Enid, mwini mbumba, msodzi wakale wosalankhula zambiri. Mawu awo pa za ukwati wa mwana wa mlongo wawo ankaposa ngakhale a bambo womubereka.

* * *

Loweruka Enid anapita kumsika ngati wofuna mpunga, koma mapazi ake anadziwa okha kopita. Abiba, mlongo wake wa Wadi, ankagulitsa pafupi ndi khomo la kumtsinje. Masiku onse ankamulandira ndi nthabwala, kumutcha "alamu" monong'ona. Tsikuli anangomuyeza mpunga osadzutsa mutu, n'kufunsa ngati a kalaliki amakonda wofewa kapena wouma.

Enid anafunsa kuti a kalaliki ake ati. Abiba anaseka kuseka kopanda chimwemwe, nati anthu a ku mishoni amaphunzitsidwa kusoka bwino, koma kunama sakuphunzitsidwa mokwanira. Kenaka ataona kuti nkhope ya mnzakeyo ndi yosadziwadi kanthu, anasiya mbale yoyezera n'kumukokera kuseri kwa matumba.

Anamufotokozera kuti Lamulungu lapitalo chakumadzulo, Jenkins anabwera kudooko la kumsika kudzagula chambo, chinthu chimene sanachitepo. Anaimika njinga yake pamphuno penipeni pa bwato la Wadi. Pa kaliyala panali kapilo katsopano, kokutidwa ndi nsalu yobiriwira ya mbalame zachikasu. Mnyamatayo anatenga nthawi yaitali kukonza kapiloko, kukaphunzitsa kukhala bwino, mpaka ngodya yopserera ija inayang'ana kumwamba.

"Achimwene anga nsalu imeneyo amaidziwa kuposa ukonde wawo," anatero Abiba. "Anafika kunyumba osadya. Mayi anayesa malungo. Kathabwa kaja sanakataye, koma anakatembenuza, pano pamakhala dengu la nyambo."

Enid anakhala pathumba la mpunga. Tsopano mbuzi za aneba anazidziwa dzina lake. Anapempha Abiba kuti akamuuze Wadi zoona zake, koma Abiba anapukusa mutu. Anati mchimwene wake adzayankha kuti mawu akumva, koma nsalu akuiona, ikuzungulira tauni tsiku ndi tsiku ili ndi belu kutsogolo. Anaonjeza kuti kwawonso si kuti zinthu zili bwino. Mayi awo ayamba kutchulatchula msuweni wina wa kwa Mponda, dzina lake Amida, wodziwa kuphika ndi kusala.

* * *

Lamulungu njinga ija inali itatsamira mtengo wa patchalitchi, kapilo kali poyera. Amayi ankaiyang'ana, n'kuyang'ana Enid, n'kugwedezana zigongono. Wina anamunong'oneza kuti msoko wake ndi wowongoka, banja lidzakhala la ukhondo.

Potuluka, Jenkins anamupeza pamasitepe. Anavula chipewa, ndipo kwa nthawi yoyamba liwu lake lalikulu lija linachepa. Anathokoza chifukwa cha mphatso, nati mayi aang'ono atamupatsira ndi kumuuza kuti Enid anasoka yekha koma akuchita manyazi, iye anakagwada m'chipinda mwake kuyamika Mulungu. Enid anatsegula pakamwa, koma amayi a kwaya anali atawazungulira kale akumwetulira, ndipo anaona kuti mawu amene anali nawo akanamuvula munthu pakhomo pa nyumba ya Mulungu.

Anabwerera m'tchalitchi muli zii, n'kugwada pabenchi la kumbuyo. Sanapemphe kuti Jenkins achotsedwe, pakuti anali ataona kuti nayenso wanamizidwa. Sanapemphenso kuti apatsidwe Wadi, chifukwa ankadziwa kuti pakati pa belu ndi mzikiti pali mtsinje woposa Shire, ndipo mmene adzauwolokere sankadziwa. Anangopempha Iye amene anagawa madzi kuti anthu ake adutse pouma, kuti amupatse mtima wonena zoona popanda kupweteka munthu koposa muyeso.

* * *

Lolemba belu la njinga linalira pakhomo dzuwa likungotuluka. Jenkins anali atavala tayi, ndipo mwendo wa buluku anaumanga ndi kachingwe kuti usadetsedwe ndi tcheni. A Elizabeti anatuluka ndi tsache, n'kuyamba kusesa pamalo pamene anali atasesa kale. Pamsewu anthu ankathamangira kumlatho, ena akucheuka.

Enid anatuluka ndi kachikwama kake. Anapereka moni, napempha Jenkins kuti akankhire njinga kuseri kwa nkhokwe, kumene apamsewu sakanaona. Kumeneko anamuuza zonse mwachidule: kuti chitenjecho sanapereke ndi iye, kuti chinachotsedwa pachingwe iye kulibe, ndi kuti pa kaliyalapo sangakhalepo, lero kapena tsiku lina.

"A Jenkins, ndinu munthu wabwino, ndipo mwanamizidwa pamodzi ndi ine. Koma nsaluyi ndi ya mayi anga. Ndiloleni ndiitenge."

Jenkins anayang'ana kapilo, n'kuyang'ana a Elizabeti amene tsache linali litaima m'manja. Anafunsa ngati ndi chifukwa cha msodzi uja. Enid sanakane. Mnyamatayo anati ndiye kuti wasankha kununkha nsomba moyo wake wonse, ndipo Enid anamukumbutsa mofatsa kuti iye anabadwira m'nyumba ya asodzi, ndi kuti sukulu yake analipira ndi usipa.

Mwamwayi a Elizabeti, pokhala munthu wosamala zinthu, nsaluyo sanaidule. Anangoipinda pathonje n'kuilumikiza ndi ulusi. Enid anatulutsa kalezala m'chikwama, nadula msoko umodziumodzi. Thonje linagwera pansi, nkhuku n'kuyamba kulijompha. Anakutumula chitenjecho, nachikoleka paphewa.

"Ukatsikira njira ya m'bangoyo, usadzati sindinakuuze," anatero a Elizabeti. "Zinthu zapita kale patali kuposa mmene ukudziwira."

Enid anagwada pang'ono monga mwa ulemu, nati adzakambirana madzulo. Kenaka analowa m'bango.

* * *

Bwato linali likutsika kale, cha pakati monga masiku onse aja. Enid sanaitane. Anaima pamwala wochapira, nagwira chitenje ngodya ziwiri, n'kuchitambasula chonse kuti mphepo ya pamtsinje ichiwombe. Mbalame zachikasu zija zinaoneka ngati zikufuna kuuluka.

Nkhafi inaima m'mwamba. Madzi analitenga bwato kamtunda pang'ono, kenaka mphuno yake inakhota.

Wadi anafika pamwalapo. Anayang'ana timabowo ta singano m'mbali mwa nsaluyo ndi tiulusi tolendewera. Anachotsa dengu la nyambo, natembenuza kathabwa, n'kukapukuta ndi chisoti chake.

"A Mishoni, njinga yaphulika tayala?"

"Njinga ili bwino, Che Wadi. Koma ine ndimafuna kudziwa ngati bwato lino limaima pa anthu kapena pa nsalu."

Wadi anaseka koyamba m'sabata yonseyo, koma mwamanyazi. Ali m'njira anavomera kuti akanayenera kufunsa. Anati anaopa kuti akafunsa adzamva yankho ndi makutu ake, ndipo kuona kunali kopepukako kusiyana ndi kumva. Enid anamufunsa za Amida. Iye anati Amida amaopa madzi, ndipo munthu wotere sangamusungire thabwa. Koma anaonjeza, nkhope itasintha, kuti mayi ake sakuseka nawo nkhaniyi, ndipo tsiku lokakumana ndi akuluakulu a mbali zonse lidzakhala lolemera.

Dooko la kumsika linali kumunsi kwa mlatho, choncho bwato linkayenera kudutsa pansi pake. Pamwamba zinthu zinali zitaima. Lole ya matumba a chimanga inali itazima pakati penipeni, anthu akuikankha, ndipo kumbuyo kwake kunali matola oyamba a ku Malindi, odzaza mpaka pamwamba. Okwera, posowa chochita, ankayang'ana pamadzi.

Enid anakweza maso kuti aone mzere umene waupulumuka. Pamatolapo, m'mbali mwenimweni, panakhala bambo wa jekete lakuda la ku tchalitchi, limene ankavala pa maukwati ndi pamaliro pokha. Anali a Marko. Anayang'ana mwana wa mlongo wawo, anayang'ana chitenje, anayang'ana wopalasa. Kenaka anatsika pamatola mosafulumira n'kuyamba kuyenda wapansi kulowera kumsika.

* * *

Bwato likugunda mchenga, iwo anali ataima kale padooko. Enid anatsika n'kugwada. Amalume akewo anamuyankha moni bwinobwino, nafunsa za thanzi lake, kenaka anatulutsa kalata m'thumba la jekete. Anati mlongo wawo Elizabeti anawalembera sabata yatha kuti mwana wavomera mnyamata wa pa boma, mpaka wamusokera pilo wa panjinga, ndipo akwawo a mnyamatayo abwera madzulo a lero lomwe kudzaonana ndi mwini mbumba. N'chifukwa chake avala jekete.

"Tsono ndikuona pilo uja ali m'bwato," anatero. "Kapena maso anga akalamba?"

Enid anayamba kufotokoza, koma iwo anakweza dzanja. Anayang'ana dzuwa, nati munthu wa ntchito asachedwe chifukwa cha nkhalamba, apite, zake adzazimva madzulo pamodzi ndi za alendo aja. Atatero anatembenukira kwa Wadi, amene anali ataima m'madzi ofika m'mawondo, atagwira bwato ndi manja onse awiri ngati lingathawe.

A Marko anavula nsapato, nazimangirira pamodzi, n'kupinda buluku. Analowa m'bwato monga munthu amene wakhala m'mabwato zaka makumi asanu, osaligwedeza n'komwe. Chitenje chija anachipinda bwino n'kumupatsira Enid, iwo n'kukhala pakathabwa.

"Nsombazi atsitse ena. Iwe mnyamata, ndiwolotse. Usathamange, ine sindili pa ntchito ya boma. Ndikufuna ndione kapalasidwe kako, ndiponso undiuze kuti ndiwe mwana wa yani."

Enid anakwera mtunda wa kumsika. Pachipilala cha wotchi anacheuka. Bwato linali pakati pa Shire, ndipo silinkapita kutsidya kapena kubwerera. Wadi ankangoligwira ndi nkhafi kuti madzi asalitenge, mutu uli pansi, pamene bambo wa jekete lakuda ankalankhula, chala chili m'mwamba. Kumlatho lole ija inali italira, mzere wayamba kuyenda, ndipo pakati pa anthuwo ankaoneka munthu wa tayi akukankha njinga yopanda kanthu pa kaliyala, kulunjika kunyumba ya amalume a iye mwini, amene akanatsogolera alendo a madzulo aja.

Okondedwa, Ambuye amene amaona pansi pa mtima akusungeni potuluka ndi polowa. Akuwolotseni pa madzi alionse amene ali patsogolo panu, akupatseni lilime lonena zoona ndi makutu ofunsa musanaweruze, ndipo mtendere wake ukhale pa nyumba zanu. Amen.